Mpunga Umene Unakana Kugawika

Pali anthu pa Golomoti, makamaka aja ongokhala pamthunzi kuwerenga maminibasi a eni, amene ndikamadutsa amakodolana n'kumati, "Uyo mkulu wa njere uja." Ndimawamva. Makutu angawa ndi okalamba koma sanafe. Tsono lero ndiyala nkhani yonse kuyambira pachiyambi, ndipo wofuna kutsutsa atsutse atamva, osati asanamve.

Ine ndine munthu wolapa. Zonse zimene ndinachita ndili ndi mphamvu ndinazitula kwa abambo wansembe, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, mpaka mawondo anga anauma ngati a mbuzi. Koma tsiku lina iwo atandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga ija ya mpunga, aMwale, simuiphatikizapo?" ndinawayankha kuti, "Abambo, munthu salapa zoona." Sukulu ndinalekera sitandade faifi. Nzeru zopeka nambala ngati imene muione pano ndikanazitenga kuti?

Kwathu kwenikweni ndi kumtunda, kumapiri a ku Bembeke. Kuno kuchigwa ndinatsikira mkazi, aNachisale, ndipo ndinamanga pamudzi pawo monga mkamwini. Nyumba ndinamanga ine, mango ndinabzala ine, koma nthaka inali yawo. Ana Mulungu sanatipatse. Tinali awiriwiri, ndi timipando tiwiri pakhonde. Ndipo inu mukudziwa, mkamwini wopanda mwana amakhala pamudzi malinga ngati mkazi akupuma. Mkazi akatsogola, akuchikazi amakusudzula: amagawa katundu, amakupatsa gawo lako, amakuthokoza bwinobwino, n'kukulozera njira ya kwanu. Ine kwathuko ndinali nditachokako kalekale, amayi atamwalira, munda wawo atalima ena. Njira ikanandifikitsa pa chitsa.

Chaka chimene tinapatsidwa puloti kusikimu ya mpunga ya Bwanje, ndinagwira mlamba m'ngalande, mlamba wake wautali moti mutu ndinafika nawo pakhomo mchira ukadakhota ku mtsinje wa Namikokwe, ndipo anthu a njinga ankatsika n'kunyamula njinga zawo kuti aulumphe. ANachisale poutumbula anapeza m'mimba mwake njere imodzi ya mpunga, yofiirira, yolemera ngati chipolopolo. Tinaifesa m'mawa pa tsiku loyamba la Okutobala, nthawi ija dzuwa la kuno limaphika dzira lili m'mimba mwa nkhuku. Pofika masana yamera, ana akuweruka kusukulu yatulutsa ngala, dzuwa likupendeka yacha. Mukumva? Tsiku limodzi! Koma kuumira kwake, abale: ngala yonseyo njere ziwiri. Ziwiri zokha. Oyandikana nafe puloti anaseka mpaka wina anagwera m'matope chagada, akuti, "Akamwini akolola! Bweretsani ngolo!"

ANachisale sanaseke. Anati, "Mawa tifese zonse ziwiri."

Ziwirizo zinabala zinayi, zinayi zinabala zisanu ndi zitatu, njere iliyonse kubala ziwiri basi, osaonjeza osachepetsa, ndipo ife osadyako ngakhale imodzi, zonse kubwezera m'nthaka m'mawa mwake. Sabata yoyamba itatha mbewu yonse inkakwana m'dzanja, anthu akusekabe. Yachiwiri, m'mbale, akusekabe. Yachitatu, thumba limodzi, kuseka kunayamba kuchepa. Kuchokera pamenepo ndi pamene dziko linadziwa kuti kuchigwa kuli mwamuna, chifukwa thumba linasanduka awiri, awiri anayi, puloti inachepa, ndinabzala m'njira, ndinabzala padenga, ndinabzala pamsana pa ng'ombe za eni zitagona m'matope moti zinkadzuka madzulo zitasenza munda, ndipo liwiro langa powokera linali lakuti chithunzithunzi changa chomwe chinkatsalira m'mbuyo, ndinkachipeza madzulo chitakhala m'mphepete mwa ngalande chikupuma wefuwefu. Chikwakwa chinkatentha mpaka kufiira, ndikachiviika m'ngalande kuti chizizire, amayi a kumunsi ankatola matemba ophikaphika, ena mpaka kubwera kudzadandaula kuti ndiziikako mchere. Mpheta zinabwera gulu lotseka dzuwa. Ndinakuwa kamodzi kokha, zinauluka chafutambuyo mpaka ku Mtakataka, ndipo nthenga zimene zinathothoka anthu anasokera mapilo chaka chonse. Nyerere iliyonse yotuluka m'munda ndinkaiimitsa n'kuisecha. Ndikulumbira pali manda a amayi anga, mwezi wonsewo sipanatayike njere ngakhale imodzi.

Pambali panga nthawi yonseyi panali aNachisale, atawerama, akutsokomola. Chifuwa chinali chitawayamba kale. Ndikati akapume, ankati, "Mukufuna mudzanene kuti munalima nokha?"

Mwezi utatha, titakolola ka makumi atatu ndi kamodzi, nthaka inatopa ndipo ifenso tinatopa. Tinapuntha, tinapeta, tinaunjika pabwalo kuseri kwa nyumba. Muluwo, inu! Makondakitala anayamba kuitanira anthu kuti "Otsika pa Mulu!", mitambo yochokera ku Dedza inkakodwa pamwamba pake mpaka ndinkakwera ndi nsungwi kukaikankha kuti anzathu a kunyanja nawonso aone mvula, ndipo mthunzi wake unkafika ku Mua moti nkhuku za kumeneko zinkalowa m'khola nthawi ya nkhomaliro. Mukumva? Funsani akuluakulu, ngati alipo otsala.

Tsono mlimi wa mpunga aliyense amadziwa kuti usanathire m'matumba umayamba watola njere n'kuiluma. Ikalira padzino, wauma. Ikangophwanyika mwakachetechete, yanikanso. ANachisale anazungulira mulu uja pang'onopang'ono atagwira pachifuwa, anapisa dzanja, anatola njere imodzi, anailuma. Inalira mpaka agalu anadzuka. Anameza, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Wauma, aMwale."

M'matumba sitinathire. Mawa lake anagona pamphasa, ndipo mvula isanathe anatisiya. Koma asanatsirizike anaitanitsa mlongo wawo wamkulu, a Fabiyano, mwinimbumba wa pamudzipo, n'kuwauza anthu akumva: "Achimwene, mpunga uwo mudzagawe mofanana. Pasatsale njere, pasaswedwe njere, pasalowe njere ya kwina. Mukatha kugawa, ndiye muwasudzule aMwale."

A Fabiyano sanali munthu woipa. Anali ndi mdzukulu wamkazi amene ankafuna malo omangapo, ndipo malo abwino anali pomwe panali nyumba yanga. Titameta, nyengo ya maliro itadutsa, anabwera ndi mbumba yonse, ananditamanda kuti ndinasunga mlongo wawo bwino, anagawa mbuzi, makasu, miphika, zonse bwinobwino. Panatsala mpunga. Anati, "Apa m'posavuta, alamu. Milu iwiri. Wina wanu, wina wa mbumba. Lachisanu mukhala muli kwanu."

Mudzi wonse unayala mphasa, n'kuyamba kusuntha njere imodziimodzi, iyi uku, iyi uko, iyi uku, iyi uko, dzuwa kutuluka dzuwa kulowa, anyamata anamera ndevu ali pamphasa pomwepo, mayi wina anayamba ntchitoyo ali ndi pakati ndipo pomaliza mwanayo ndi amene ankamubweretsera madzi akumwa. Milu iwiri inakwera mofanana ngati mabere a namwali. Pakati pa bwalo panatsala njere imodzi.

A Fabiyano anaiyang'ana. Anati, "Tigawe patatu. Gawo lina lipite kutchalitchi." Anaphatikizanso, anayambiranso. Panatsala imodzi. Anayesa pasanu ndi pawiri, imodzi. Pasanu ndi panayi, imodzi. Pakhumi ndi limodzi, imodzi yomweyo, ili phee ngati ikuwadikira. Atayesa panayi zinatsala zitatu, pasanu zinatsala ziwiri, ndiye kunali kuipiraipira. Anaitana a kumsika wa Mtakataka, anatsitsa anthu m'maminibasi, anawerengera asodzi, akabaza, alaliki, mpaka agalu a m'mudzi anapatsidwa gawo, koma nthawi zonse chinachake chinkatsala pakati pa bwalo. Tsiku lina a Fabiyano anatulutsa lezala kuti adule njere ija pakati. Atakumbukira mawu a malemu anabweza lezalayo mwachangu mpaka anadzimeta nsidze. Wina anabweretsa nkhuku mobisa kuti ijomphe. Nkhukuyo inayang'ana njere, inayang'ana mitengo ya kumanda, n'kubwerera chafutambuyo mpaka m'khola, ndipo sinaikirenso mazira.

Ndisabise, masiku amenewo anali okoma. Pabwalo panga panali anthu ngati pa ukwati. Tiyi ndinkaphika m'mgolo, kutakasa ndi nkhafi ya bwato. Munthu wofedwa amene aliyense akumufunsa "shuga ali kuti" sapeza nthawi yolira.

Amene anathetsa zonsezi ndi mlamu wanga Lozina, mng'ono wa aNachisale, amene ankaphunzitsa masamu kusekondale cha ku Mua. Anatsika pa njinga yamoto, anaona mudzi wonse uli chogwada, anagwira m'chiuno.

"Alamu, mwakalambitsa mtundu wonse ndi njere imodzi?"

Ndinati, "Mukanalola kulowa m'malo mwa akulu anu, bwenzi zonsezi kulibe."

"Ine? Kukwatiwa ndi munthu wosecha nyerere? Ndiye ine mungandiseche kangati pa tsiku? Tandiuzani mmene munabzalira."

Ndinamufotokozera. Anatola kamtengo, anayamba kulemba pansi, ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, kumawirikiza, kumawirikiza, mzere wake kuchoka pakhonde kukafika pa mtengo wa mango. Atawirikiza ka makumi atatu ndi kamodzi anafunsa kuti, "Palibe inatayika?" Ndinati, "Imodzi. Anailuma akulu anu." Anachotsa imodzi. Pansi panatsala ichi, ndipo ndinachisunga m'mutu ngati Atate Athu:

2,147,483,647

Anatulutsa foni, anadinadina. Kenako anati, "Achimwene, auzeni anthu apite akalime. Iyi siigawika."

Anatifotokozera pansi pa mango pomwepo, ndipo ndinena monga ndinamvera. Pali nambala zofatsa, monga khumi ndi ziwiri: anthu awiri agawana, atatu agawana, anayi, asanu ndi mmodzi, onse achoka akuseka. Ndiye pali zina zouma mutu, monga zisanu ndi ziwiri, kaya khumi ndi zitatu, zimene ungaitane anthu angati, wina alira basi. Zimalola njira ziwiri zokha: munthu mmodzi atenge zonse, kapena anthu achuluke ngati njere zomwezo, aliyense imodzi. Kusukulu amazitcha mapulayimu. Akuti sizitha, ungakwere bwanji uzipezabe, koma ukamakwera zimanka zitalikirana, monga midzi imachitira ukamalowa m'phiri.

Anati nazonso zili ndi mafuko. Zina ndi mapasa, zimakhala moyandikana, pakati pawo nyumba imodzi yokha, monga 11 ndi 13, kaya 17 ndi 19. Ine ndinasendera pafupi. Ndinati, "Nanga yangayi, mnzake ndi uti?" Analembanso pansi. Anati ukaonjeza ziwiri, imeneyo anthu atatu agawana bwinobwino. Ukachotsa ziwiri, imathera ndi faifi, anthu asanu agawana. "Ilibe mnzake, alamu. Uku kulibe, uku kulibe."

Fuko lake, anati, ndi la zija zobadwa powirikiza kenako n'kuchotsa imodzi: 3, 7, 31, 127. Si zonse zobadwa motero zimene zimauma mutu, 15 uja anabadwa momwemo koma atatu amamugawana. Zimene zimakanitsitsa ndi zowerengeka, ndipo yangayi ndi yachisanu ndi chitatu pamzere wawo. Yachisanu ndi chitatu, mukumva? Pa dziko lonse lapansi, ndipo inali kuseri kwa nyumba yanga, nkhuku zikuizungulira!

Kenako ananena chimene chinanditsitsa pansi. "Njere imene analuma achemwali ija ikanakhalapo, muluwu ukanagawika pawiri, theka lake pawiri, theka la theka pawiri, mpaka pansi, osatsala kanthu. Bwenzi muli ku Bembeke kalekale."

Ndinati, "Ndiye kuti akulu anu anadziwa."

Lozina anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Masamu awa achemwali sankawadziwa, alamu. Mwina anangoluma monga amalumira aliyense."

Iye ndi mphunzitsi, anene zake. Ine ndinaliona diso limene aNachisale anandiyang'ana nalo tsiku lija.

A Fabiyano anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Kuti apeze anthu okwana njere imodziimodzi, Malawi yense sakanakwana, ngakhale kubwereka a ku Mozambiki, a ku Zambia ndi Afirika yense. Kupatsa munthu mmodzi, iwo eni anavomera kuti kumeneko si kugawa. Ndipo popanda kugawa panalibe kusudzula. Anavala chipewa chija n'kuti, "Alamu, mlongo wanga wandimanga miyendo. Khalani. Koma tsiku limene mbalame idzadye njere imodzi, mudzandiitane." Anthu anapinda mphasa zawo. Pofika madzulo pabwalo panatsala ine, mgolo wa tiyi wozizira, ndi mulu.

Ndinapambana. Lembani zimenezo. Palibe mkamwini wina kuchigwa kuno, kuyambira Golomoti mpaka Mtakataka, amene anagonjetsa mbumba yonse ali khale pakhonde.

Koma taganizani. Njere imodzi ikanangochoka, onse aja amene pogawa ankatsalitsa imodzi, awiri, atatu, asanu ndi awiri, akanagawana bwinobwino, ine n'kunyamula kathumba. Ndiye kudya mpungawo sindikanadya. Kugulitsa ayi. Mlendo akabwera, kumuphikirako ayi, ndipo mlendo amene waona phiri la mpunga n'kupatsidwa madzi okha sabweranso. Ndinasanduka mlonda. Ndinkagona diso limodzi, linalo likuzungulira mulu palokha. Makoswe ndinkawadziwa mayina ndi a amayi awo. Anankafumbwe ndinkawamva akunola mano ali ku Salima ndipo ndinkawachingamira panjira. Mwera ukabwera ndinkaugwira pakhosi n'kuupotoza kuti ukaombe kwina. Kumsika ndinaleka. Ku bawo ndinaleka. Kumaliro ndinaleka, ndipo inu mukudziwa chimene mudzi umachita ndi munthu wosaoneka pamaliro: sakutukwana, amangoleka kukuona. A Fabiyano atamwalira, nyimbo ndinazimvera pamwamba pa mulu, nsungwi yoingira mbalame ili m'manja. Mdzukulu wawo uja anakamanga kumsewu. Lozina anapuma ntchito n'kupita kwa ana ake ku Lilongwe. Mango aja ankagwa n'kuolera pansi, chifukwa ngakhale ana analeka kudzaba.

Chimene ndinapindula n'chakuti m'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko ndimaona mitengo ya kumanda kumene anagona aNachisale, ndipo ndimawapatsa moni. Sayankha, koma ngakhale ali moyo m'mawa sankayankha msanga.

Tsono pali kanthu kamene sindinauzepo munthu, ngakhale abambo wansembe, chifukwa si tchimo ndipo sindidziwa kuti n'chiyani. Chaka chatha, nthawi yokolola, ndinamva anthu akuimba popuntha mpunga kusikimu, ndipo ndinakumbukira bwalo langa lili lodzaza, mphasa mbali zonse, wina akukuwa kuti shuga watha. Ndinapisa dzanja, ndinatola njere imodzi, ndinaiika m'bokosi la machesi. Mulu uja, kwa nthawi yoyamba, unali wogawika. Ndinavala jekete, ndinatenga ndodo, ndinayenda mpaka kumsewu kwa mdzukulu wa a Fabiyano uja, amene tsopano ndi mayi wa golosale, ndiye wamkulu wa mbumba amene watsala.

Ndinati, "Mayi, mbalame yadya njere. Itanani anthu, mudzagawe, mundisudzule."

Anandiyang'ana uku akupimira munthu mafuta ophikira. Anati, "Mpunga wuti, agogo?"

Ndinafotokoza. Anaseka pang'ono, osati monyoza. "Iii, agogo, za kalekale zimenezo. Ndani akukuthamangitsani? Khalani. Ife tatanganidwa." Anandipatsa sikono, n'kutembenukira kwa kasitomala wina.

Ndinabwerera. Ndinasesa bwalo, ndinayala mphasa zimene ndinali nazo, mwina angasinthe maganizo. Ndinadikira mpaka mphasazo chiswe chinayamba kuzilawa. Ndiye tsiku lina ndinatsegula bokosi la machesi lija, ndinatenga njere ija n'kuibwezera pa inzake. Ndinaona kuti kuli bwino anthu azilephera kubwera chifukwa mpunga sugawika, kusiyana n'kuti ukhale wogawika koma wougawa palibe.

Tsono uli momwemo mpaka lero, 2,147,483,647, osachepa osaonjezeka, wopanda mnzake uku ndi uku. Ndikudziwa chimene aja a pamthunzi anene: ngati unkakola mitambo, bwanji sitikuuona tili pamsewu? Uli m'nyumba, kuseri kwa chitseko, m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro. Musaseke. Mpunga ukakalamba umafota ngati munthu. Inenso kale pakhomo ndinkalowa chowerama, lero ndimalowa chilili. Njere zachepa msinkhu, koma chiwerengero n'chomwecho.

Amene akuti ndi bodza, asanenere patali. Atsike pa Golomoti, afunse kwa aMwale a njere, abwere adzawerenge yekha, imodziimodzi, ine ndikuona. Asachite changu, ntchitoyi imatenga zaka. Masamba a tiyi ndili nawo, ndipo kampando kachiwiri kaja kakadali pakhonde. Ndimakapukuta m'mawa uliwonse.